A Sakala ndi Timu ya Mawa

A Oswald Sakala sanamenyepo mpira wa baseball n'kuthamanga mpaka kukafika pamalo oyamba. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu amene amakumana nawo ku Romford, kum'mawa kwa London, masiku ano, akawamva akulankhula za masewerawa, amaganiza kuti apeza katswiri wopuma. Ine ndinasewera nawo timu imodzi, ndiye ndikudziwa. Ankagwira chibonga ngati munthu wofuna kupha njoka koma akuiopa, ndipo mpira ukamabwera ankatsinzina.

Anabadwira ku Katete, kum'mawa kwa Zambia, m'banja la mphunzitsi wa pulayimale. Sukulu inkawayendera, moti atamaliza anapeza ntchito ku Lusaka mu ofesi ina ya boma yolemba mapulani a chitukuko. Nthawi imeneyo amakonda kuikamba. Akayamba, mumva za madamu, misika ndi milatho ya zaka khumi zakutsogolo, koma mukafunsa kuti mlathowo uli pa mtsinje uti kuti tsiku lina mukawolokepo, amayankha kuti iwo anali a kumapulani, zomanga zinali za anthu ena. Ku London anabwera motsatira akazi awo, mayi Jessica, amene ndi namwino. Mapepala awo a ku Lusaka kuno sanawathandize, ndipo atatopa kuzungulira m'maofesi anakalowa ntchito yokankha mabedi a odwala pachipatala chachikulu cha ku Romford. Ntchitoyo amaigwira bwino, pamenepa sindingawanamizire. Nkhalamba zimawakonda chifukwa amacheza nazo njira yonse kuchokera ku wodi mpaka kojambula. Koma mukawafunsa ntchito yawo kutchalitchi amati ali mu "patient logistics", ndipo kuli amayi ena ku Peckham amene mpaka lero amawatchula kuti adokotala.

Ine dzina langa ndi Evance, kwathu ndi ku Balaka, ndimayendetsa basi pakati pa Ilford ndi Romford. Baseball sindinkaidziwa mpaka nditakumana ndi Mishek Kamwendo kutchalitchi kwathu ku Ilford. Mishek ndi wa ku Zimbabwe, koma agogo ake anachokera ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, ndiye Chichewa chake n'chakale, chokoma, cha anthu amene anachisunga m'nyumba. Masewerawa anawaphunzira ali mnyamata ku Harare. Kuno amakonza magetsi m'mafulati. Loweruka lina titawotcha nyama ku paki ina ya ku Romford anatulutsa m'galimoto mpira, chibonga ndi magolovesi akale, n'kuyamba kutiphunzitsa. Kwa amene simunawaonepo, masewerawa ndi otere: wina amaponya mpira wolimba ngati mwala, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi, a timu inayo amayesetsa kuutola n'kumutsekera njira asanabwerere pamene anayambira. Timu imafunika anthu asanu ndi anayi m'bwalo. Mukaperewera, simusewera, ndipo mwaluza.

Chilimwe chotsatira tinali timu. Tinaitcha Nkhwazi, chifukwa mbalameyi a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe onse amati ndi yawo, ndiye panalibe wokangana. Tinalowa mu ligi ya pansi penipeni, ya anthu ongosewera kumapeto kwa sabata, imene imalola amuna ndi akazi kukhala timu imodzi. Mishek ankaponya. Womenya wathu wamkulu anali Dainess Ngoma, mayi wa ku Chilenje ku Lusaka amene amasamalira okalamba m'nyumba zawo. Anasewerapo masewera ofanana ndi amenewa ali kusekondale, ndipo manja ake, ozolowera kunyamula anthu akuluakulu kuchoka pabedi, ankatumiza mpira kumitengo. Ine ankandiimika kutali kumbuyo, uko mpira umafika mwa apo ndi apo. A Sakala anayesa kumenya milungu ingapo, kenako anapeza kuti bondo likuwavuta n'kukhazikika pabenchi.

Chaka chathu chachiwiri mu ligi tinamaliza pa nambala yachiwiri. Ndikanakonda mukanaona Loweruka la nthawi imeneyo. Mabanja ankabwera ndi mipando yopinda, zitumbuwa ndi nyama yowotcha. Amayi a kwaya ankaimba Dainess akamapita kukamenya, azungu a matimu ena n'kumangoyang'ana. Anthu amene mkati mwa sabata ankangomva kuti "driver" kapena "carer" ankamva mayina awo akufuulidwa m'paki.

Vuto linali limodzi. Panafunika munthu woyankha mameseji a ligi ndi kukambirana ndi akhonsolo za bwalo, ndipo aliyense ankathawa. Pa msonkhano wa kumapeto kwa chaka a Sakala anaimirira n'kunena kuti iwo angadzipereke, bola udindowo ukhale ndi dzina loyenera. Anati akufuna kukhala General Manager. Tinaseka, tinawomba m'manja, tinavomera. Tinkaganiza kuti tapeza kalaliki.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti kuyambira pamene matimu a ku America anabwera kudzasewera ku Stratford konkuno ku London, a Sakala anali atadzaza foni yawo ndi mapulogalamu a anthu okambirana za kayendetsedwe ka matimu akuluakulu. Ankawamvetsera m'basi, pa nthawi yopuma ku ntchito, ngakhale pometa ndevu. Kumeneko anamva zoti mabwana ena amachotsa dala osewera awo abwino amene ayamba kukula, n'kulola timu kuluza kwa zaka zingapo, chifukwa kumeneko timu yomaliza ndi imene imayamba kusankha achinyamata aluso otuluka m'sukulu. Nzeru imeneyi inawalowa ngati uthenga wa chipulumutso.

Nyengo yotsatira isanayambe anatiitanira kunyumba kwawo. Mayi Jessica anatipatsa tiyi n'kukakhala kukhitchini, chitseko chili chotsegula.

"Abale," anayamba a Sakala, "nambala yachiwiri ndi msampha. Timu iyi ndi yokalamba. Tayang'anani imvi zimene zili m'chipinda muno. Tikapitiriza chonchi tizingokhala achiwiri, achitatu, mpaka tife. Ine ndabwera ndi masomphenya a zaka zisanu. Zaka zitatu tiluze, timange pansi. Chachinayi tiyambe kukwera. Chachisanu titenge chikho, ndipo tisadzachisiyenso."

Mishek anaika kapu pansi. "Mdala, ndikufunseni. Ku America timu yomaliza amaipatsa achinyamata. Kuno atipatsa ndani? Ligi yathu ilibe zimenezo. Mukamaliza kumapeto mwangomaliza kumapeto, basi."

"Imeneyo ndi short-term thinking, a Kamwendo."

"Si thinking, mdala, ndi malamulo a ligi."

"Malamulo amasintha. Masomphenya sasintha."

Kukhitchini kunamveka supuni ikugwera mu sinki, ndipo Dainess anaseka mpaka kutsokomola. Tinatuluka tikuganiza kuti nkhaniyo yathera pomwepo, ngati mmene amathera maulaliki ambiri.

Patangopita milungu iwiri kapena itatu, Mishek analandira foni kuchokera kwa a Walter, mzungu wopuma pantchito amene ankayendetsa timu ya ku Ilford, yomwe tinkaichinya chaka ndi chaka. A Walter anali osangalala kwambiri. Anati akuthokoza kuti Mishek wavomera kusamukira kwawo, ndipo iwo asunga lonjezo lawo: atumiza ku Nkhwazi anyamata awiri a zaka za m'ma twente, kuphatikizapo makina akale oponyera mipira amene ankangokhala m'galaja. Mishek anali pa makwerero m'fulati ya munthu wina pamene ankamva zimenezi. Anatsika, n'kuyendetsa galimoto mpaka kuchipatala, n'kuwadikira a Sakala panja pomwe antchito amapumira. Ine ndinamva nkhaniyi kwa onse awiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti amaikamba mofanana.

"Mwandigulitsa?" anafunsa Mishek. "Ine ndine mbuzi yanu? Ndani amandilipira kuti mundisinthanitse ndi makina?"

"Si kugulitsa, ndi trade. Value yanu ili pamwamba panopa. Chaka chamawa phewa lanu likhala litatha."

"Timu iyi ndinaiyambitsa ndi magolovesi anga."

"Ndipo mbiri idzakukumbukirani," anatero a Sakala, akumugwira paphewa lomwelo.

Palibe lamulo limene likanamukakamiza Mishek kuchoka. Akanatha kubwera Loweruka n'kuponya monga mwa masiku onse. Koma anali atakwiya moti sakanatha kuwaona a Sakala pabenchi, ndiponso bwalo la ku Ilford linali pafupi ndi kwawo. Anapita. A Sakala anatilembera tonse pa gulu la pa foni kuti trade yoyamba m'mbiri ya Nkhwazi yatheka bwinobwino.

Makina aja anabwera pa vani. Anali olemera ngati firiji, ndipo ankafuna magetsi. Ku paki kwathu kulibe magetsi. Munthu yekhayo amene akanadziwa chochita nawo anali uja amene tinamupereka kuti tiwapeze. Anakhala m'khonde la mkati mwa nyumba ya a Sakala, ndipo mayi Jessica ankapachikapo majasi a alendo.

Mwa anyamata awiri aja, woyamba, Simba, anabwera kangapo kenako anapeza ntchito ya kumapeto kwa sabata kumalo osungira katundu, sitinamuonenso. Wachiwiri, Themba, anali nkhani ina. Anabadwira ku Ilford kwa makolo a ku Chipata, wamtali, wofatsa, womva Chinyanja chonse koma woyankha m'Chingerezi. Mkono wake unali wamphamvu kuposa wa Mishek, ngakhale kuti mpira wake unkapita kumene wafuna wokha. A Sakala ankamuyang'ana ngati munda umene wangomera. Ankamutchula kuti mwala wa pangodya wa timu ya mawa. Palibe amene anamufunsa mnyamatayo mapulani ake, ndipo chilimwe chitatha anapita ku yunivesite ku Leeds. A Sakala anati tisadandaule, ali pa loan.

Koma chimene chinaswa timu ndi zimene anamuchita Dainess. A Sakala analengeza kuti aliyense wopitirira zaka makumi anayi azisewera theka la masewera, kuti achinyamata apeze mpata. Achinyamatawo ankawatola kutchalitchi Lamlungu, powanyengerera amayi awo. Ena ankabwera kamodzi, atavala jinzi, n'kuima m'bwalo akuyang'ana foni. Loweruka lina tinkasewera ndi timu ya ku Essex, ndipo mwamwayi tinali pafupi kupambana. Unali mpata wathu womaliza kumenya, anthu athu atatu anali kale pamalo awo akudikira kuti wina awabweretse kwawo, ndipo tinkafunika awiri okha kuti tipambane. Dainess anali pabenchi chiyambire. Anaimirira n'kutenga chibonga chake.

"Ba Sakala, ni nthawi yanga iyi."

"Khalani pansi, mayi Ngoma. Amenya Atikonda."

Atikonda anali mwana wa mlongo wa mayi Jessica, mnyamata waulemu wophunzira za makompyuta, amene anali atagwira chibonga koyamba m'mawa womwewo.

"Mukamba zoona?" anatero Dainess. "Nachoka ku nchito, sininagone, nakwela ma bus yabili. Manje nabwelela chani kuno? Kuzaona imwe?"

"Mwana ayenera kuphunzira pressure. Masewera a lero sali mu plan."

Atikonda, mwa chisomo cha Mulungu, anaukhudza mpirawo. Unagubuduzika pang'ono patsogolo pake. Anthu anakuwa kuti athamange, ndipo anathamanga ndithu, ndi mtima wonse, kulowera kumanzere m'malo mwa kumanja, mpaka anawombana ndi mnzathu amene ankabwera kudzagoletsa. Onse awiri anagwa. A timu inayo anayamba aonetsetsa kuti palibe wavulala, kenako anawatulutsa. A Sakala anawomba m'manja n'kunena kuti mwanayo ali ndi liwiro.

Dainess anavula jezi pamaso pa aliyense, n'kutsala ndi malaya ake a ku ntchito amene anali mkati, anaipinda bwinobwino n'kuiika pamiyendo pa a Sakala. Loweruka lotsatira anali ku Ilford. Amayi a kwaya anapita naye, zitumbuwa zinapita nawo.

Kuyambira pamenepo gawo loyamba la masomphenya linayenda bwino kuposa mmene mwiniwake ankayembekezera. Tinaluza, ndipo tinaluza mwaluso. Panali masiku amene woyimbira ankaimitsa masewera asanathe potimvera chisoni. Chaka chimenecho tinamaliza kumapeto, chotsatiranso chimodzimodzi, ndipo palibe amene anabwera kudzatipatsa achinyamata. Anzathu ankachoka mmodzimmodzi, wina ku Ilford, wina kukasewera mpira wamiyendo wa madala, wina kungokhala kunyumba. Ine ndinatsala chifukwa ku Ilford sakanandipatsa malo, ndiponso ndinkafuna kuona kuti zithera pati. Lolemba lililonse a Sakala ankatitumizira uthenga wautali wofotokoza zabwino zimene zatuluka m'kuluza kwa Loweruka. Mawu awo okondedwa anali akuti tili pa ndondomeko.

M'chaka chachitatu tinayamba kuperewera. Tsiku lina tinafika asanu ndi awiri okha, a timu ya alendo atayenda ulendo wautali kuchokera kumadzulo kwa London. A Sakala anazungulira paki kufunafuna anthu. Anapempha bambo wina amene ankayendetsa galu, iye anati galuyo sangamusiye. Kenako anapita pa galimoto pamene mayi Jessica ankawadikira, atavala zopita ku chinkhoswe cha mwana wa mnzawo.

"Mayi, tangobwerani mudzaime kumbuyo uko. Simuchita chilichonse."

Mayi Jessica anatsitsa galasi pang'ono. "A Sakala, m'nyumba mwanga muli chitsulo chanu chimene ndimadzigunda nacho m'mawa uliwonse. Tengani chimenecho mukachiimike."

Tinapepesa alendowo n'kuwapatsa masewera. Zitachitika kangapo, a ligi anatiuza mwaulemu kuti zikapitirira atichotsa. Apo ndi pamene Dainess, ngakhale anali atachoka, anaitanitsa msonkhano wa aliyense amene anavalapo jezi ya Nkhwazi. Unachitikira mu holo ya tchalitchi ku Ilford Lamlungu masana, mapemphero atatha, mipando isanachotsedwe. Anthu anabwera ambiri kuposa amene anaonerapo masewera athu chaka chonsecho.

A Sakala sanabwere ngati munthu woimbidwa mlandu. Anabwera ndi kompyuta n'kuilumikiza ku chinsalu chimene timaonetserapo mawu a nyimbo. Anatisonyeza mzere wotsika, umene anati ndi zaka za osewera athu, n'kunena kuti Nkhwazi tsopano ndi timu yachinyamata kuposa ina iliyonse mu ligi. Wina kumbuyo anafunsa ngati awerengera ndi anyamata amene anabwera kamodzi kokha. Anati inde, chifukwa onsewo ali mu system.

"Pulani ya zaka zisanu simungaiweruze m'chaka chachitatu," anatero. "Munthu womanga nyumba mukamupeza akukumba maziko munganene kuti akuwononga malo."

"Ba Sakala," anatero Dainess ataimirira, "nyumba inalipo. Tinali kunkhalamo. Imwe munaigwetsa kuti mupeze pokumba."

Anthu anaseka, koma iye sanaseke. Anapitiriza, ndipo mawu ake ndimawakumbukira bwino. Anati iye ali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo mawondo ake sakudziwa kuti kuli chaka chachisanu. Anati sabata yonse amasambitsa makolo a anthu ena, amawadyetsa, amawasintha zovala, ndipo Loweruka linali tsiku lokhalo limene ankachita chinthu chimene amachitha bwino anthu n'kumuwombera m'manja. "Munatenga ma Saturday yanga," anatero, "munayapasa bantu bamene sanali kuyafuna."

Mishek anafunsidwa kuti anenepo. Anangoti a Walter akupereka moni, ndipo akufunsa ngati makina aja akugwira ntchito.

Apa a Sakala anatseka kompyuta. Kenako analankhula ndi mawu ena, otsika, opanda Chingerezi. Anati iwo akhala m'dziko lino zaka zoposa makumi awiri ndipo palibe chimene chili ndi dzina lathu chimene chidzatsale ife tikadzapita. Anati ana athu amabwera kutchalitchi chifukwa chokakamizidwa, chilankhulo chathu amachimva ngati wailesi ya m'chipinda china, ndipo tsiku limene Mishek adzalephere kukweza mkono, Nkhwazi ikanatha basi, anthu n'kumangoti kunali timu ina yake. Iwo ankafuna chinthu choti mwana wa Themba adzachipeze.

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo aliyense ankadziwa. Pa zaka ziwiri zathu zabwino zija palibe mmodzi wa ife amene anaganizapo zophunzitsa mwana wake kugwira golovesi. Ndinaona amayi ena akugwedeza mutu, ndipo ndikukhulupirira kuti a Sakala akanakhala pansi nthawi imeneyo, anthu akanawakhululukira, mwinanso ena akanabwerera.

Sanakhale pansi. Anaona kuti anthu afewa, anatsegulanso kompyuta, n'kunena kuti poganizira mavuto amene takumana nawo, aganiza zowonjezera masomphenyawo kuti akhale a zaka zisanu ndi ziwiri.

Sipanafunikenso kukambirana. Abusa athu, amene anangotsala kuti atseke holo, ndi amene anatsogolera chisankho, ndipo manja onse anakwera kupatula a a Sakala ndi a Atikonda, amene ankaopa azakhali ake, mayi Jessica. Atacheuka n'kuona kuti azakhali akewo akweza manja onse awiri, nayenso anakweza. A Sakala anachotsedwa pa udindo. Kenako abusa anafunsa kuti ndani atenge malo awo, ndipo aliyense anayamba kuyang'ana nsapato zake. Amene anali ku Ilford anali atazolowera kumeneko. Amene tinatsala sitinkakwana timu. Nkhwazi inathera pomwepo, m'holo yonunkhira mpunga wa chakudya cha pambuyo pa mapemphero, anthu akupinda mipando.

Otsalafe a Walter anatilandira. Ine anandipatsa malo pabenchi, ndipo ndimasewera wina akadwala. Chilimwe chotsatira timu ya ku Ilford inatenga chikho cha ligi yathu yaing'onoyo, Mishek akuponya ndi phewa lomwe lija linkayenera kutha, Dainess akumenya. Mwa anthu asanu ndi anayi amene anali m'bwalo tsiku lomaliza, oposa theka anali a Nkhwazi. A Sakala anabwera kudzaonera. Sanakwiye, sanachite manyazi. Ndinawamva akuuza mzungu wina amene anakhala naye pafupi kuti timu imene ikupambanayi anaimanga ndi iwo, kudzera mu trade. Pojambulitsa chithunzi anaima kumapeto kwa mzere, dzanja lili pa chikho.

Themba anabwerako ku Leeds atamaliza maphunziro. Anapeza ntchito kumwera kwa London, akukhala ku Peckham, ndipo akusewera mu ligi yapamwamba kuposa yathu. Ku yunivesite anapeza womuphunzitsa kuwongola mpira, moti tsopano ndi woponya woopsa ndithu. Pa mnyamata ameneyu a Sakala anaona bwino, ndipo ndikuvomereza. Chimene sanaone n'chakuti munthu wa zaka makumi awiri amakhala ndi moyo wake, ndipo sangakwere sitima ziwiri Loweruka lililonse kudzaluza ku Romford chifukwa choti mdala wina anamulemba m'masomphenya. Ndinamufunsa tsiku lina ngati amawakumbukira. Anaseka n'kuyankha m'Chingerezi kuti amalume aja amamutumizirabe mauthenga omufunsa kuti loan yake itha liti.

Mwezi wathawu a Sakala anakwera basi yanga masana, akuchokera ku ntchito. Titafika kumapeto kwa ulendo anthu onse anatsika, iwo anatsala, n'kubwera kudzaima pafupi ndi galasi langa pamene ndinkadikira nthawi yonyamukira.

"Achimwene a ku Malawi," anatero, "mwamva? Andisankha kukhala mlembi wa kwaya ya abambo."

Ndinati sindinamve, koma zikomo kwambiri.

"Ndakhala ndikuiona bwino kwaya ija. Anthu amaitama, koma ndi yokalamba. A besi onse apitirira fifite. A Paterson, besi wathu wamkulu, mawu awo ali pa peak panopa, chaka chamawa ayamba kutsika. Ndalankhula kale ndi anzathu a ku Peckham, ali ndi anyamata awiri a tena."

"A Paterson mwawauza?"

"Nthawi yake sinakwane."

Ndinawayang'ana. Nkhope yawo inali yowala, yamtendere, ngati ya munthu amene sanalakwitsepo kanthu chibadwire. Ndinaganiza zowakumbutsa zina ndi zina, koma nthawi yonyamuka inali itakwana ndipo anthu anali atayamba kukwera. Anatsikira pa msika. Nditafika ku depoti ndinawaimbira foni a Paterson.